Funso lomwe lidatsala m'matope a ku Soche

Munthu akaima pa siteji ya minibasi pa Chichiri, pakati pa Limbe ndi Blantyre, n'kutembenukira kummwera, maso ake amakagunda phiri la Soche. Akuluakulu amati kale lidali lowirira mitengo. Lero miyala yake ili pambalambanda, ndipo nyumba zidakwera mpaka m'chiuno mwake.

Pa Chichiri pamadutsa anthu amitundumitundu: opita kukhoti lalikulu, okazonda abale kundende, ophunzira a ku MUBAS yomwe ambiri amaitchabe Poly, ndi amayi onyamula mabasiketi a nsima kupita kuchipatala cha Gulupu. Pamadutsanso dzina la Mulungu. Lidalembedwa kumbuyo kwa maminibasi ndi pazikwangwani zoitanira anthu kumisonkhano ya chitsitsimutso, ndipo nthawi ya nkhomaliro limamveka m'magulu a mapemphero. Mlaliki akafuula kuti "Mulungu ndi wabwino!" gulu limavomera nthawi yomweyo: "Nthawi zonse!"

Koma alipo anthu, ena mwa iwo Akhristu obatizidwa ndiponso opereka chakhumi, omwe kuyambira mu Malichi 2023 mawu ovomerawa amawatsamwa pakhosi.

Usiku wa Lamulungu

Namondwe wa Freddy adabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Adawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, n'kusakaza ku Madagascar ndi ku Mozambique. Atabwerera panyanja, anthu ankati wapita, koma adatembenuka n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO lidatsimikiza pambuyo pake kuti namondweyu adatha masiku 36, kuposa wina aliyense yemwe adalembedwapo m'mabuku.

Ku Blantyre mvula idagwa usana ndi usiku osalekeza. Kuyambira usiku wa Lamulungu pa 12 kufika Lolemba pa 13 Malichi, dothi la m'phiri la Soche lidakhuta madzi n'kulekana ndi thanthwe. Matope ndi miyala ikuluikulu zidatsetsereka kulowa ku Chilobwe ndi madera ena a m'tsinde mwa phirili. Anthu ambiri zidawapeza m'nyumba, momwe adabisala pothawa mvula yomweyo.

Achinyamata adakumba ndi makasu, mafosholo ngakhalenso manja. A bungwe la madotolo la MSF adanena kuti m'masiku oyambirirawo ana oposa 40 adafika ku Gulupu atamwalira kale. Lachitatu pa 15, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, yemwe asadalowe ndale adatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, adakhala nawo pamwambo wa maliro ku Chilobwe ndipo adalengeza masiku 14 okhuza.

Lipoti la boma lidati anthu 679 adamwalira m'dziko muno, 537 adasowa osaonekanso, ndipo oposa 659,000 adasowa pokhala. Zonsezi zidagwa dziko lisadapume ku mliri wa kolera womwe pakati pa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata.

Pamaliro funso loti Mulungu adali kuti silifunsidwa mokweza. Amalifunsa ndi mayi wofedwa yekha pakati pa kulira, ndipo anzake amamugwira pamapewa n'kumuuza kuti asachimwe ndi pakamwa. Komatu funsolo silipita kumanda pamodzi ndi bokosi. Limabwerera kunyumba.

Mlandu womwe amamuzenga

Anthu okayikira za Mulungu amaukonza motere mlandu wawo. Akhristu amaphunzitsa kuti Mulungu ndi wamphamvu zonse, amadziwa zonse ndiponso ndi wachikondi. Ngati adadziwa kuti phiri ligumuka usiku umenewo, mphamvu zoletsa adali nazo, koma sadaletse, chikondicho chili pati? Ngati adafuna kuletsa koma zidamukanika, mphamvuzo zili pati?

Amaperekanso fanizo lapafupi. Bambo ataona khoma likupendekera pomwe pagona mwana wake, iye n'kungopinda manja, mudzi wonse ungamuzenge mlandu. Palibe angamuimbire nyimbo yomutamanda. Nanga bwanji muyeso womwe anthu amayesera bambo wa padziko amauchotsa akafika pa Atate wakumwamba?

Ena amaganiza kuti maganizo otere adabwera ndi mafoni ndi ana a kuyunivesite, koma ndi akale kuposa Chikhristu chomwe. Olemba mbiri amati woyamba kulikonza funsoli chotere adali Epicurus, Mgiriki yemwe adakhalako zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe. David Hume adalibwereza m'buku lomwe lidatuluka mu 1779. Chodabwitsa n'chakuti Hume adali wa ku Scotland, dziko lomwelo lomwe mu 1876 lidatumiza amishonale omwe adayambitsa mishoni ya Blantyre.

Koma tsoka lomwe limafanana kwambiri ndi la ku Soche lidagwa ku Lisbon, likulu la Portugal, pa 1 Novembala 1755. Lidali tsiku la Oyera Onse, m'mawa, anthu ambiri ali m'matchalitchi. Chivomezi chidagwetsa matchalitchiwo pamitu ya opemphera, kenaka kudabwera mafunde a panyanja ndi moto. Adafa anthu zikwizikwi.

Mayankho atatu adamveka ku Ulaya nthawi imeneyo. Wansembe wina, Gabriel Malagrida, adalalikira kuti chidali chilango cha machimo a mzindawo. Voltaire, mlembi wa ku France, adanyoza onse ophunzitsa kuti dziko lino lidapangidwa mwabwino koposa ndipo chilichonse chimachitika pofuna zabwino. Jean-Jacques Rousseau adamuyankha mu 1756 kuti asanamizire chilengedwe, pakuti sichidali chilengedwe chomwe chidaunjika nyumba zosanjikizana kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri pamalo amodzi. Anthu akadamanga motalikirana, sakadafa ochuluka chotero.

Patapita zaka 268, mayankho atatu omwewa adamvekanso mu Blantyre.

Kodi ochimwa onse amakhala ku Chilobwe?

Sipadasowe onena kuti Freddy adali mkwapulo wa Mulungu kaamba ka machimo a dziko: katangale, chiwerewere, kavalidwe ka atsikana ndi zina zomwe aliyense amasankha malinga ndi chomwe chimamunyansa. Yankholi limatuluka msanga pakamwa, ndipo ndi lomwe limagwa msanga likayesedwa.

Vuto lake ndi mapu a mzindawu. Matope sadatsikire ku Sunnyside kapena ku Namiwawa. Adatsikira komwe kumakhala alonda, ogulitsa tomato, okwera njinga za kabaza ndi ochapa zovala m'nyumba za ena. Ngati chidali chilango cha katangale, ndiye kuti mkwapulo udaphonya, chifukwa oba ndalama za boma sachita lendi chipinda chimodzi m'phiri. Ndipo ana 40 aja adalakwa chiyani?

Apa okayikira sali okha. Abusa ndi ansembe ambiri ophunzira bwino amalikana yankholi pogwiritsa ntchito Baibulo lomwelo. Pa Luka 13 pali nkhani ya anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu idawagwera, ndipo Yesu adakana kuti iwowo adali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. M'buku la Yobu, abwenzi atatu omwe adaumirira kuti Yobu akuvutika chifukwa adachimwa ndiwo adadzudzulidwa ndi Mulungu kumapeto. Chabwino chomwe abwenziwo adachita chidali choyambirira: adakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu. Zinthu zidasokonekera atatsekula pakamwa.

Mayi yemwe wataya ana awiri, n'kumauzidwanso kuti chidali chilango, wasenzetsedwa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Lofatsa kuposa limeneli ndi lomwe limamveka pafupifupi pamaliro aliwonse: chidali chifuniro cha Mulungu, tidamukonda koma Mulungu wamukonda koposa. Okhulupirira amati mawuwa sanenedwa pofuna kufotokoza chomwe chachitika. Ndi ndodo yoti wofedwa atsamire kuti asagwe. Okayikira savutika ndi chitonthozocho. Chomwe amadandaula n'chakuti mawuwa amatseka nkhani. Imfa ikangotchedwa chifuniro cha Mulungu, palibenso amafunsa kuti adagulitsa mapuloti m'phiri ndani, ndipo adalandira ndalamazo ndani.

Adadula mitengo ndi Mulungu kodi?

Yankho lomwe oikira kumbuyo Chikhristu amalidalira kwambiri ndi la ufulu wosankha. Mizu yake ili mu Africa momwe muno. Augustine, yemwe adabadwa mu 354 m'dera lomwe lero ndi Algeria n'kudzakhala episkopi wa ku Hippo, adaphunzitsa kuti Mulungu sadalenge choipa. Adalenga munthu waufulu, ndipo choipa chimabwera munthuyo akapotoza ufulu wakewo. Mu 1974 katswiri wa ku America, Alvin Plantinga, adanolanso mfundoyi: Mulungu sangalenge anthu aufulu weniweni n'kuwakakamizanso kuti azisankha zabwino zokhazokha, chifukwa amenewo angakhale zidole.

Pa nkhani ya kuba, kupha kapena kugulitsa mankhwala a m'chipatala cha boma, yankholi limagwira bwino ntchito. Pa Soche limagwiranso mbali ina, ndipo apa Rousseau uja akadagwedeza mutu kuvomereza. Phirili lidali nkhalango yotetezedwa kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Mitengo idatha ndi nkhuni, makala ndi minda, monga idatheranso m'phiri la Ndirande m'zaka za m'ma 1990. Mizu yomwe inkagwira dothi idaola. Anthu adasema phiri kuti apeze pomanga. Chenjezo lidalipo, pakuti mu Januwale 2015 madzi osefukira adaononga kale ku Chilobwe komweko, ndipo akuluakulu a mzinda adanenapo kangapo kuti anthu asamuke m'malo otsetsereka.

Ngakhale mvulayo ili ndi dzanja la munthu. Mu 2022, anamondwe a Ana ndi Gombe atadutsa, akatswiri a gulu la World Weather Attribution adapeza kuti kutentha kwa dziko kukuchititsa mvula ya anamondwe m'chigawo chino kukhala yamphamvu kuposa kale. Kutenthako kumadza ndi utsi wa malasha ndi mafuta. Mkhristu ndiye amafunsa: mudadula mitengo ndinu, mudamanga m'njira ya madzi ndinu, mudaipitsa mlengalenga ndinu, tsono Mulungu mukumuzengeranji?

Okayikira amabweza funso: mukati "inu" mukunena yani? Mayi wogulitsa tomato ku Limbe sadasankhe phiri chifukwa cha kamphepo kayaziyazi. Adapita komwe ndalama yake ya lendi idakwanira. Khanda lomwe lidali kumsana kwake silidasankhe kanthu. Omwe amatulutsa utsi wochuluka ali ku Ulaya, America ndi China, ndipo nyumba zawo zili chiimire. Ufulu adaugwiritsa ntchito ndi wina, ngongole adalipira ndi wina. Kholo lachilungamo silimenya mwana wa mng'ono chifukwa wamkulu waswa mbale.

Chinanso, mapiri a kuno adayamba kale kugumuka mitengo ikadalipo. Mu Disembala 1946 napolo adatsika m'phiri la Zomba n'kupha anthu. Mu Malichi 1991 adatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, ndipo adafa anthu mazanamazana. Freddy yemweyo adafafaniza mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, kutali ndi mapuloti a m'tauni. Anamondwe, zivomezi, udzudzu wa malungo ndi khansa ya ana sizidapangidwe ndi munthu. Ngati dziko lili ndi Mlengi, ndiye kuti zimenezi zidalowa m'pulani yake.

Katswiri wina wosakhulupirira, William Rowe, adapereka chitsanzo mu 1979 chomwe mpaka lero chimavutitsa oikira kumbuyo chikhulupiriro. Mphezi yayatsa nkhalango kutali ndi anthu. Kamwana ka gwape kapsa, kagona masiku angapo kakumva ululu, kenaka kafa. Palibe adachimwa, palibe adaona, palibe adaphunzirapo kanthu. Ululu umenewo udathandiza yani?

Sukulu yokwera mtengo

Pali yankho lina lomwe limati dziko lino ndi sukulu. Popanda mavuto sipakadakhala chifundo, kulimba mtima kapena kudzipereka. Ndipo kunena zoona, masiku a Freddy adaonetsa Amalawi pa ubwino wawo. Anyamata omwe anthu amawanena kuti ndi ongokhala pa siteji ndiwo adalowa m'matope. Masukulu ndi matchalitchi zidasanduka misasa. Amayi a Mvano, Akatolika, Asilamu ndi mabungwe a achinyamata adasonkhanitsa ufa, zofunda ndi zovala. Maiko a Tanzania ndi Zambia adatumiza thandizo, ndipo Papa Francis adatchula Malawi m'mapemphero ake ku Rome sabata yomweyo.

Okayikira sakana zimenezi. Amangofunsa za fizi. Ndi mphunzitsi wanji yemwe angaphe mwana wa wina kuti kalasi iphunzire chifundo? Ndipo adafawo adaphunzira chiyani?

Munthu yemwe adaona kuti mayankho a m'buku amapepuka maliro akalowa m'nyumba ndi C.S. Lewis wa ku Britain, mmodzi mwa oikira kumbuyo Chikhristu otchuka kwambiri. Mu 1940 adalemba buku lofotokoza mwaluso chifukwa chomwe Mulungu wabwino amalolera ululu. Mu 1960 mkazi wake Joy adamwalira ndi khansa. Zomwe adalemba m'makope ake ali pachisoni zidatuluka mu 1961, poyamba pansi pa dzina lobisa, chifukwa zidali zowawa. M'menemo adaulula kuti mantha ake sadali oti aleka kukhulupirira kuti Mulungu aliko, koma oti ayamba kukhulupirira kuti Mulunguyo ndi wankhanza. Sadachoke mumpingo, koma sadalankhulenso za ululu mosavuta ngati kale.

Abusa ambiri ofatsa amathera pomwepo. Amavomera kuti chifukwa sachidziwa. Amati nzeru za munthu n'zochepa, monga mwana wobayidwa jekeseni sangamvetse chifukwa chomwe mayi ake akumugwirira. Amaloza pamtanda, n'kunena kuti Mulungu wa Akhristu sadaonerere mavuto ali patali, adalowamo, ndipo Mwana wake adafa akufunsa chifukwa chomwe wasiyidwira. Amalozanso kutsogolo, ku tsiku lomwe akufa adzauka ndipo misozi idzapukutidwa.

Limeneli ndi yankho lolemera kuposa onse, ndipo ndi lomwe lasunga anthu ambiri a ku Chilobwe mumpingo. Koma okayikira amati likafika pamenepo lasiya kukhala umboni, lasanduka chiyembekezo. Amati ngati munthu sangadziwe zifukwa za Mulungu zinthu zikaipa, angadziwe bwanji kuti ndi Mulungu wachita zinthu zikayenda bwino? Wopulumuka m'nyumba yogumuka amapereka umboni m'tchalitchi kuti Mulungu adamuteteza, ndipo mpingo umaomba m'manja. Pabenchi lomwelo pamakhala mnansi wake, yemwe ana ake nawonso ankapemphera asanagone.

Makolo ankafunsa funso lina

Uthenga wa amishonale usadafike, anthu a kuno adali nazo kale nkhani zofotokoza za imfa ndi masoka. Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo onse ankakhala mumtendere. Tsiku lina munthu adapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zidathawa n'kusanduka adani ake, ndipo Chauta adakwera kumwamba paulusi wa kangaude, nalamula kuti munthu azifa. Woyang'ana phiri la Soche lero sangalephere kuona kuti makolo adayamba kale kulumikiza tsoka la munthu ndi kutentha tchire.

Chauta wa makolo sankayembekezeredwa kuletsa choipa chilichonse. Mwini mvula adali yemweyo mwini mphezi, n'chifukwa chake ankamutchanso Mphambe. Chilala chikavuta anthu ankapita kukachisi, monga kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kukapepesa. Phiri likagumuka ankati wadutsa napolo, chinjoka cha pansi pa nthaka chomwe chikusamukira kunyanja.

Koma munthu mmodzi akafa mwadzidzidzi, funso silinkakhala loti Chauta walola bwanji. Linkakhala loti wachita ndani. Funso limeneli likadalipo, ndipo limapha. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga m'boma la Neno, mphezi idapha mtsikana wazaka 17. Anthu okwiya adapha nkhalamba zinayi powaganizira kuti ndizo zidatumiza mpheziyo.

Apa mpomwe osakhulupirira a m'dziko muno adadziwikira. George Thindwa, yemwe adatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism, adatha zaka zambiri akulimbana ndi mchitidwe wonamizira anthu ufiti, ndipo bungwe lake lidathandiza kutulutsa m'ndende nkhalamba zomwe zidamangidwa pamilandu yotere. Ankakumbutsa anthu kuti lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2012 iye pamodzi ndi Charles Chilimampunga wa ku Chancellor College adatulutsa kafukufuku woonetsa momwe nkhanzazi zimagwera ana, amayi ndi okalamba. M'zaka zotsatira, Wonderful Mkhutche wa bungwe la Humanists Malawi adapitiriza kulankhula pa nkhani zomwezi.

Mfundo yawo ndi yakuti momwe anthu amafotokozera tsoka ndi momwe amachitira nalo. Akati ndi ufiti, amasaka gogo. Akati ndi chilango, amasaka wochimwa. Akati ndi dothi lokhuta madzi pamalo otsetsereka opanda mitengo, amasaka malo ena omangapo ndi mbande zodzala. Pa mfundo yomalizayi ansembe ndi abusa ambiri amagwirizana nawo, ngakhale sakumana pa china chilichonse.

Chifukwa chake ambiri amangokhala chete

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu, 14 ndi Asilamu, ndipo awiri okha ndiwo adati alibe chipembedzo. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, kutanthauza kuti kusakhulupirira si mlandu.

Komabe lamulo ndi lina, mudzi ndi wina. Munthu wonena poyera kuti akukayikira za Mulungu amatchedwa msanga wa sataniki, ngakhale kuti iye sakhulupiriranso za Satana. Apongozi amamuyang'ana ndi diso lina. Ndipo pali funso lomwe limatseka pakamwa ngakhale ophunzira kwambiri: ukadzafa adzakuimbira ndani? M'Malawi muno mpingo si malo opempherera okha. Ndiwo umabwera kuchipatala ndi phala, umagona pasiwa, umaphika ndi kunyamula bokosi. Maliro opanda nyimbo za mpingo ndi manyazi kubanja lonse. Choncho ambiri amasunga funso lawo mumtima n'kumavomera pamodzi ndi gulu.

Pamenepa mpomwenso pali kufooka kwa okayikira. Mfundo zawo n'zakuthwa, koma mfundo sifunditsa munthu usiku pamsasa. Wosakhulupirira akhoza kumuuza mayi wofedwa kuti sadalangidwe ndipo sadalodzedwe, zomwe n'zothandiza, koma sangamulonjeze kuti adzaonananso ndi mwana wake. Akhristu amafunsanso: ngati kulibe Mulungu, mtima woti imfa ya ana aja ndi yosalungama ukuchokera kuti? Thanthwe silidziwa chilungamo. Osakhulupirira amayankha kuti munthu safunika kuopa Gehena kuti amve chisoni ndi mwana wa mnzake, ndipo anyamata omwe adakumba m'matope sadafunsane za mipingo yawo asadagwire khasu.

Mkanganowu sungathe pa siteji ya Chichiri, monganso sudathe ku Lisbon. Koma ku Lisbon kudachitika chinthu china pambali pa mkanganowo. Nduna yaikulu ya mfumu, yemwe adadzadziwika kuti Marquis of Pombal, idalamula kuti akufa aikidwe msanga ndipo amoyo adyetsedwe, kenaka idamanganso pakati pa mzindawo ndi misewu yotakata komanso nyumba zolimbitsidwa ndi mitengo m'kati mwa makoma kuti zizipirira chivomezi. Zambiri mwa nyumbazo zilipo mpaka lero.

Ku Blantyre misasa idatsekedwa patapita miyezi yochepa kuti ana abwerere m'makalasi. Mabanja ena adapeza malo kwina kapena adabwerera kumudzi. Ena, posowa kolowera, adakweranso phiri lomwelo n'kuumba njerwa pafupi ndi pomwe padadutsa matope.

Mabanja a anthu 537 osowa aja alibe manda oti akalambule, ndipo alibe poti adzamange chiliza. Mwezi wa Malichi ukafika, ena amapita kutchalitchi kukapempherera abale awowo, ena amangokhala pakhomo. Mitambo ikada cha kummawa, onse amatuluka panja kukayang'ana phiri.